Valve ya nthunzi sikutseka pa 4 mA, ndipo pa 12 mA yatseguka kale pafupifupi yonse

mphunzi_wa_instru

Akuluakulu a m'gulu muno, ndithandizeni nzeru. Pa fakitale ya tiyi pali control valve yoyendera mpweya, yomwe imalowetsa nthunzi ku heater ya dryer. Ndi globe valve ya DN50, bowo la seat ndi 50 mm, plug ndi ya seat imodzi, ndipo nthunzi imalowera pansi pa plug. Pamwamba pali actuator ya Fisher 667 size 45, yotsegula ndi mpweya, yotseka ndi sipuling'i. Positioner, kachipangizo koonetsetsa kuti valve yafika pamene signal ikufuna, palibe. Pali I/P yokha, yosandutsa signal ya magetsi ya 4–20 mA kukhala pulesha ya mpweya ya 0.2–1.0 bar, ndipo regulator ili pa 1.4 bar. Nthunzi yochokera ku boila ndi 8 bar.

Controller ikapereka 4 mA, paipi ya kuseri kwa valve imakhalabe yotentha ndipo nthunzi imamveka kulira mkati. Pa 12 mA kamuvi ka pa sikelo kamadutsa 85%, pamene ndimayembekezera theka. Kutentha kwa mpweya wa mu dryer nako sikukhazikika, kumangokwera ndi kutsika.

I/P ndayiyeza ndi geji yabwino: 4 mA ikupereka 0.2 bar, 12 mA ikupereka 0.6 bar, 20 mA ikupereka 1.0 bar. Pa kachitsulo ka pa actuator alembapo bench set 8–15 psi, travel 29 mm. Bwanji alemba 8–15 pamene signal ndi 3–15 psi, yomwe ndi 0.2–1.0 bar ija? Valveyi inamasulidwa pa nthawi yokonza makina nyengo ya tiyi isanayambe. Ndikufuna ndimvetse mmene mkatimo mulili ndisanagwire sipanala.

Nthunzi_8bar

Mwachita bwino kufunsa musanagwire sipanala, achimwene, safunsa anadya phula. Manambala mwaperekawo akuloza kale pamene pali vuto, koma tiyambe ndi kapangidwe, chifukwa yankho lili momwemo.

Control valve ndi zinthu ziwiri zomangidwa pamodzi. Pansi pali thupi la valve, momwe mumadutsa nthunzi. M'thupimo muli seat ring, mphete yachitsulo yokhala ndi mlomo wosalala, komanso plug imene imatsika n'kukhala pa mlomowo. Plug yagwirana ndi stem, kandodo ka chitsulo chosachita dzimbiri, kamene kamatulukira pa bonnet, chivundikiro cha thupi lija. Potulukirapo pali packing, timphete ta PTFE kapena graphite topanidwa ndi gland ndi manati awiri, kuti nthunzi isathawire kunja. Plug, seat, stem ndi guide kapena cage, zonsezi pamodzi ndi zimene timati trim.

Pamwamba pali actuator. Mutu wake uli ngati mabeseni awiri achitsulo ovundikirana, omangidwa ndi mabauti kuzungulira. Pakati pa mabeseniwo apanapo diaphragm, labala wokhala ndi nsalu mkati, ndipo labalayo amatsamira pa mbale yolimba imene yamangidwa ku stem ya actuator. Yoke ndi miyendo ija yolumikiza mutu ndi bonnet. Ma stem awiriwa, ya actuator ndi ya valve, amakumana pakati pa yoke n'kugwiridwa ndi stem connector, ndipo kamuvi mukunenako kali pomwepo.

Mu 667 mpweya umalowa pansi pa diaphragm n'kuinyamula, pamene sipuling'i, yomwe ili m'munsi mwa mutu, imakankhira stem pansi. Mbale wake 657 ndi wotembenuza: mpweya umalowa pamwamba, sipuling'i imakankhira m'mwamba. Choncho pa valve yotseka plug ikatsika, mpweya ukatha 667 imatseka, 657 imatsegula. Pa nthunzi yotenthetsera timafuna yotseka, kuti magetsi akazima, compressor ndi mafani n'kuima, nthunzi isapitirire kuwotcha.

Tsopano kagwiridwe kake. Mu actuator mulibe nzeru iliyonse, muli kukankhana kwa mphamvu basi, ndipo stem imaima pamene mphamvuzo zafanana. Mphamvu ya mpweya ndi pulesha kuchulukitsa ndi kukula kwa diaphragm. Diaphragm ya size 45 ndi 677 cm², ndipo 1 bar imakankha 10 N pa cm² iliyonse. Ndiye 1 bar ndi 6,770 N, ngati kulemera kwa matumba 14 a chimanga a 50 kg. Nthunzi nayo ikukankha. Bowo la 50 mm ndi 19.6 cm², ndipo valve ikatsekeka, kuseri kulibe pulesha, 8 bar imakankhira plug m'mwamba ndi 1,570 N. Mukayerekeza ndi diaphragm ija, mphamvu imeneyi ikufanana ndi 0.23 bar ya mpweya. Nambala imeneyi muisunge.

Bench set ndi pulesha imene actuator imayambira kuyenda ndi imene imamalizira ulendo wake ili yokha pa tebulo, popanda nthunzi komanso popanda kukhulana kwa packing. Si signal ayi. Kwa inu 8–15 psi ndi 0.55–1.0 bar. Kutanthauza kuti sipuling'i inapanidwiratu mpaka mphamvu yake pamene valve yatseka ikufanana ndi 0.55 bar, ndiye kuti 3,720 N. Onani zimene zimachitika ikakhala pa paipi. Pa 4 mA, I/P ikuperekabe 0.2 bar, yomwe ikunyamula 1,350 N. Nthunzi ikunyamula 1,570 N. Zotsala ndi pafupifupi 800 N, ndipo zimenezi ndi zimene zimapanikiza plug pa seat. Plug idzayamba kunyamuka mpweya ukafika 0.55 kuchotsa 0.23, ndiye kuti chapafupi ndi 0.32 bar, ndipo idzamaliza chapafupi ndi 1.0 bar chifukwa ikatseguka kwambiri nthunzi siikankhanso ngati poyamba. Mwaona? Pa tebulo 0.55–1.0, pa ntchito pafupifupi 0.3–1.0. Opanga anawerengera kale nthunzi ija.

Cholakwika chofala n'chakuti munthu amayesa valve pa tebulo, amaona kuti sikuyenda pa 3 psi, amaganiza kuti yasokonekera, ndiye amamasula spring adjuster mpaka iyambe kuyenda pa 0.2 bar. Adjuster imasuntha poyambira pokha, kutalika kwa range sikusintha chifukwa kumadalira kulimba kwa sipuling'i. Yanuyo range yake ndi 0.45 bar, choncho ikayambira pa 0.2 imathera pa 0.65. Pa 12 mA muli ndi 0.6 bar: 0.4 kugawa ndi 0.45 ndi 89%. Kamuvi kanu kali pomwepo. Pa 4 mA mpweya ndi sipuling'i zafanana, palibe chopanikiza plug, nthunzi imangoinyamula yokha. Kukwera ndi kutsika kwa kutentha nako kukuchokera pomwepa: ulendo wonse wa valve wapanikizana pakati pa 4 ndi 13 mA, kusintha pang'ono kwa controller kukubweretsa nthunzi yambiri, ndipo kuyambira 13 mpaka 20 mA controller ikukankha chinthu chimene chafika kale kumapeto, pobwerera imachedwa.

Yesani izi musanamasule kanthu. Ikani controller pa manual, 4 mA. Yang'anani kamuvi nthunzi ili mkati, kenako tsekani valve ya pamanja ya kutsogolo n'kuyang'ananso. Kakatsika nthunzi itatsekedwa, ndiye kuti sipuling'i ikugonja. Kenako, nthunzi ili yotsekedwabe, kwezani mpweya pang'onopang'ono ndipo mulembe pulesha imene stem yayambira kuyenda ndi imene yaimira.

mphunzi_wa_instru

Zikomo kwambiri a Nthunzi_8bar. Nthunzi ili mkati, pa 4 mA kamuvi kali pamwamba pa ziro ndi mamilimita pafupifupi 3. Nthunzi itatsekedwa kanatsikira pa ziro. Stem ikuyamba kuyenda pa 0.22 bar, ikuima pa 0.67 bar. Ndibwezere bwanji bench set? Kungomanga adjuster valve ili pomwepo kungakwanire?

loop_check

Kungomanga adjuster kungachepetse kudutsa kwa nthunzi, koma simudziwa ngati stem connector inamangidwa pamalo oyenera, ndipo amene anasuntha adjuster ayenera kuti anamasulanso connector. Chitani ntchito yonse.

Choyamba chitetezo. Nthunzi ya 8 bar imatentha pafupifupi 175°C. Tsekani ma valve a pamanja mbali zonse ziwiri, muwakhome ndi loko, mutsegule drain ya pakati kuti pulesha yotsekeredwa ituluke, ndipo mudikire chitsulo chizizire. Chotsani paipi ya mpweya yochokera ku I/P, m'malo mwake muike regulator yoyesera ndi geji ya 0–2 bar imene mukuikhulupirira. Geji yaing'ono ya pa I/P siyokwanira pa ntchito imeneyi.

Musamasule stem connector sipuling'i ili chipanikizire plug pa seat. Lowetsani kaye mpweya mpaka plug inyamuke pang'ono, ndiye mumasule mabauti awiri a connector. Mukamasula popanda mpweya, stem ya actuator imatsika mwamphamvu, imadya mazinga ndipo itha kuphwanya chala. Connector ikachoka, kankhirani stem ya valve pansi kuti isakhudzane ndi inzake.

Pa 667 poyezera ndi pamwamba. Kwezani mpweya mpaka 1.3 bar kuti stem ikafike pa travel stop ya pamwamba. Kenako tsitsani pang'onopang'ono, chala chili pa stem. Iyenera kuyamba kutsika pa 15 psi, ndiye kuti 1.03 bar. Yanuyo iyambira pa 0.67, choncho sipuling'i ikufunika kupanidwa. Tulutsani mpweya wonse, zungulizani adjuster molowera ku mutu, lowetsaninso mpweya, yezaninso. Musazungulize mpweya uli mkati, chifukwa nthawi imeneyo sipuling'i yapanika kwambiri ndipo mazinga amadyeka. Pakani girizi pa mazingawo ndi pa thrust bearing. Mubwereza kangapo, musathamange.

Pamwamba pakakhala bwino, siyani mpweya pa 1.03 bar n'kulemba chizindikiro pa stem molingana ndi malo osasuntha pa yoke. Tsitsani mpaka 0.55 bar, muyeze mtunda umene yayenda. Ukhale 29 mm. Ukakhala wosiyana kwambiri, sipuling'i imene ilimo si yake kapena yatopa, ndipo adjuster singakonze zimenezo. Onani nambala ya sipuling'i m'buku la opanga.

Tsopano connector, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kankhirani stem ya valve pansi mpaka plug ikhale pa seat. Siyani mpweya pa 0.55 bar, pamene stem ya actuator yatsika 29 mm kuchokera pamwamba. Mangani connector pamenepo, mazinga a ma stem onse alowe mokwanira, osachepera kunenepa kwa stem yomweyo. Mukatero, mpweya ukatsika kupitirira 0.55 bar, actuator imafuna kutsikabe koma plug yafika kale, ndiye mphamvu yonse ya sipuling'i imagwera pa seat. Mukamanga connector popanda mpweya, actuator itatsikiratu, chimene chiimitse ulendo ndi chitsulo cha mkati mwa mutu, osati seat, ndipo valve idzadutsitsa ngakhale bench set ili yolondola. Chinanso: musazungulize stem plug ili pa seat, mumakanda milomo yonse iwiri. Pomaliza sunthani sikelo kuti ziro akhale pa kamuvi valve ili yotseka, kenako muyendetse kawiri katatu kuona ngati ikufika 29 mm.

Mpweya ukadali wolumikizidwa, yesaninso kuthawa kwake. Ikani 1.0 bar, tsekani kavalve kolowetsera, muyang'ane geji kwa mphindi 5. Ikamatsika, pakani madzi a sopo malo atatu: m'mphepete mwa mabeseni aja, pa kabowo kopumira ka beseni la pamwamba, ndi pamene stem ikutulukira pansi pa mutu. Thovu pa kabowo kopumira ndiye kuti diaphragm yang'ambika. Thovu pa stem ndiye ma O-ring a seal bushing atha, ndipo limeneli ndi vuto la 667 lomwe 657 ilibe, popeza mu 657 stem sidutsa mbali ya mpweya. Kabowo kopumirako kayang'aneninso ngati sikanatsekeke. Mavu aja omanga zisa ndi matope amakonda timabowo totere, ndipo kakatsekeka valve imayenda mwaulesi kapena kulephera kufika pamwamba.

Ngati mufunika kusintha diaphragm, masulani adjuster mpaka sipuling'i ikhale yomasukiratu musanakhudze mabauti a mutu. Pomanga, muzimanga moyang'anizana, osati mozungulira, mpaka 27 N·m. Kumangitsa kumafinya labala ndipo amang'ambikira pa mabowo a mabauti.

wa_ku_Luchenza

Zonse anena akuluakulu awiriwa ndikugwirizana nazo. Ine ndiwonjezepo za mpweya, chifukwa kuno kumapiri a tiyi ndi umene umapha zipangizo zambiri.

Nyengo imene tiyi amachuluka ndi ya mvula, mpweya uli wodzaza chinyezi. Mpweya wa 30°C wokhala ndi chinyezi cha 80% umanyamula madzi pafupifupi magalamu 24 pa m³ iliyonse. Compressor ikaupanikiza kufika 7 bar, ma m³ 8 amasanduka imodzi, ndipo imodziyo ikazizira kufika 35°C singasunge madzi oposa magalamu 40. Compressor yokoka 3 m³ pa mphindi imagwetsa madzi oposa malita 3 pa ola. Madzi amenewa akapanda kukhetsedwa pa aftercooler, choziziritsa mpweya wochokera mu compressor, ndi pa thanki, amapita kwa I/P. Otsalawo amadikira paipi izizire. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa ku Thyolo ndi Mulanje, paipi yodutsa panja imazizira ndipo madzi amatuluka mkati momwemo.

Muyezo wa ISA-7.0.01 umati dew point ya mpweya wa zipangizo, kuzizira kumene mpweyawo umayambira kugwetsa madzi, ikhale pansi ndi 10°C kuchokera pa kuzizira kwambiri kumene paipi ingakumane nako, tizidutswa tisapose 40 micron, oyilo asapose 1 ppm. Dryer ya mpweya yoziziritsa ngati firiji imafika pa 3°C, ya desiccant, yokhala ndi timibulu toyamwa chinyezi, imafika pa −40°C. Ya firiji imathandiza ndithu bola drain yake ikugwira ntchito, koma kumene m'mawa kumazizira kufika 10°C, paipi zapanja zimafuna ya desiccant kuti mufike pa muyezowo. Ndipo mpweya wa zipangizo usadutse pa lubricator, chothira oyilo mu mpweya. Ija ndi ya masilinda ndi zida zapamanja.

Chifukwa chake chili mkati mwa I/P. Muli koyilo ili pafupi ndi maginito. Ma mA akakwera, koyiloyo imasendeza kachitsulo kopyapyala, flapper, kufupi ndi nozzle imene ikupuma mpweya nthawi zonse. Mpweya wopita ku nozzle umadutsa kaye pa kabowo kopanikiza kochepa kuposa theka la milimita. Flapper ikayandikira, mpweya umavutika kutuluka, pulesha ya kuseri kwa nozzle imakwera, ndipo relay imaona kukwerako n'kutsegulira mpweya wambiri wopita ku actuator. Kusuntha kwa flapper n'kochepa kwambiri moti ndi maso simungakuone. Kadontho ka oyilo wosakanikirana ndi dzimbiri n'kokwanira kusokoneza zonse. Kabowo kopanikiza kakatsekeka, output imakhala pansi, sikwera ngakhale pa 20 mA. Nozzle ikatsekeka, output imakakamira pamwamba. Mukaona I/P ikungofuna kusinthidwa ziro sabata iliyonse, musavutike ndi sikulu ya ziro, tsegulani drain ya regulator muone chimene chituluke.

Regulator muiyang'ane valve ikuyenda, osati itaima. Kwezani signal kuchoka 4 kufika 20 mA kamodzi. Geji ikagwa kwambiri n'kuchedwa kubwerera pa 1.4 bar, sefa ya mkati yatsekeka. Ya mu regulator ya Fisher 67CFR ndi ya 5 micron ndipo imasinthika. Pa mazinga a mpweya musakulunge tepi ya PTFE mpaka kunsonga, siyani mazinga awiri oyamba, chifukwa tizidutswa take timakathera mu relay. I/P isamangidwe pa chitsulo chogwedezeka ndi fani kapena pafupi ndi paipi yosakutidwa.

Koma langizo langa lalikulu n'lakuti muikepo positioner. Popanda iyo, I/P imangotumiza pulesha osadziwa pamene stem yafika. Nthunzi ya ku boila ikatsika kuchoka 8 kufika 6 bar, zomwe zimachitika nkhuni zikakhala zonyowa, mphamvu ya pansi pa plug imasintha ndipo valve imasuntha yokha signal isanasinthe. Positioner imayeza malo enieni a stem, imafanizira ndi signal, ndipo imawonjezera kapena kutulutsa mpweya mpaka zigwirizane. Zakale zimayeza ndi mkono wachitsulo ndi cam. DVC6200 imayeza ndi maginito osakhudzana ndi chilichonse, ndipo SIPART PS2 imagwiritsa timavalve ta piezo tomwe sititaya mpweya valve ikaima. Zatsopanozi zili ndi cutoff: signal ikafika pafupi ndi 0%, zimatulutsa mpweya wonse. Kwa inu zikutanthauza kuti 1,350 N ija imene 0.2 bar imanyamula ibwerera pa seat, ndipo yopanikiza plug ikwera kuchoka 800 kufika pafupifupi 2,150 N.

trim_ndi_seat

A mphunzi, ngakhale mubwezere bench set bwinobwino, valveyo itha kudutsitsabe pang'ono, ndiye musadabwe. Ngati yakhala ikugwira ntchito plug ili chiyandamire mamilimita ochepa pamwamba pa seat, nthunzi yakhala ikuthamanga pa kampata kameneko. Nthunzi yonyowa imanyamula timadontho ta madzi, ndipo timadontho timeneti timacheka chitsulo, kusiya timizere ngati tokandidwa ndi waya pa mlomo wa seat ndi wa plug. Mzere ukangoyamba umakula, chifukwa ndi pomwe nthunzi imadzerapo valve ikatseka.

Popeza connector mumasula kale, chotsaninso actuator ndi bonnet muone trim. Pukutani, mupake engineer's blue, utoto wabuluu woonetsa pamene zitsulo zikukhudzana, pang'ono pa mlomo wa plug, muikhazike pa seat mowongoka n'kuinyamula. Mzere wabuluu ukhale wozungulira wosaduka. Timizere tosazama timachoka ndi lapping: pakani compound ya pakati pa 280 ndi 600 grit, bwezerani bonnet kuti iwongolere stem, muzungulize plug uku ndi uku pang'onopang'ono ndi kulemera kwake kokha, mukuinyamula ndi kuisuntha malo. Iyi ndi nthawi yokhayo imene plug imaloledwa kuzungulira pa seat. Mukamaliza tsukani compound yense. Mzere umene chikhadabo chikukodwamo, lapping siingauthe, mungokulitsa mlomo n'kuchepetsa kupanikiza. Pamenepo gulani plug ndi seat ring zatsopano, ndipo pa nthunzi funsani zokhala ndi Stellite, chitsulo cholimba chosadyeka msanga, pa milomo. Gasket ya bonnet ikhale yatsopano nthawi zonse.

Dziwaninso kuti control valve ya milomo yachitsulo siinapangidwe kuti itseke kotheratu. Class IV ya ANSI/FCI 70-2 imalola kudutsa kwa 0.01% ya zimene valve imadutsitsa itatseguka yonse. Paipi yofunda pang'ono kuseri si vuto. Yolira ndiye vuto. Kuti mufike Class IV pa bowo la 50 mm pamafunika pafupifupi 7 N pa milimita iliyonse ya mlomo wozungulira, ndipo mlomowo ndi 157 mm, ndiye 1,100 N. Ndi I/P yokha mwatsala ndi 800 N, choncho pamenepa a ku Luchenza akunena zoona.

Packing: pa 175°C, PTFE ikwanira, imapirira mpaka chapafupi ndi 230°C ndipo siigwira stem kwambiri. Graphite imapirira kutentha koposa koma imakhulana kwambiri, ndipo pa valve yopanda positioner kukhulanako kumaoneka msanga. Gland ikamadontha anthu amangomanga manati, mwinanso mbali imodzi. Stem imakakamira, controller imawonjezera signal pang'onopang'ono, valve ili chiimire, kenako imadumpha kupitirira pofunika. Mangani manati mofanana, kotala kotala, mpaka kudontha kuleke basi. Ngati stem yakandika kapena yapindika, packing yatsopano sikhalitsa.

Tetezani trim yatsopanoyo. Kutsogolo kwa valve kukhale strainer yogonekedwa cham'mbali, osati yoloza pansi, chifukwa yoloza pansi imasunga madzi n'kuwaponyera mu valve. Kukhalenso thumba lokhetsera madzi lokhala ndi steam trap, yotulutsa madzi n'kusunga nthunzi, yogwira ntchito.

Muonenso kukula kwa valve. Kv ndi kuchuluka kwa madzi, mu m³ pa ola, amene valve imadutsitsa pulesha ikatsika ndi 1 bar, ndipo Cv ya m'mabuku a ku America ndi Kv kuchulukitsa ndi 1.156. Globe valve ya DN50 ya bowo lonse imakhala ndi Kv chapafupi ndi 40. Pa nthunzi, pulesha ya kuseri ikakhala yochepera 58% ya ya kutsogolo, powerengera zonse mu absolute (ya pa geji kuphatikiza 1 bar), makilogalamu pa ola amakhala pafupifupi 12 kuchulukitsa Kv kuchulukitsa pulesha ya kutsogolo. Pa 8 bar ya geji, yomwe ndi 9 absolute, valve yanu itha kudutsitsa 4,300 kg pa ola. Tiyerekeze heater ikufuna 1,200 kg pa ola ikalemedwa ndi 300 kg ikapepukidwa. Kv yofunika ndi 11 ndi 2.8. Plug ikakhala ya linear, imene Kv yake imakwera molingana ndi ulendo wa stem, valve idzayenda pakati pa 7% ndi 28% yokha, pafupi ndi seat pamene pamadyeka. Ikakhala ya equal percentage ya 50:1, imene Kv yake imakwera pang'onopang'ono poyamba n'kuthamanga kumapeto, idzayenda pakati pa 32% ndi 67%. Pa kutenthetsa ndi nthunzi, equal percentage ndiyo yoyenera, ndipo ngati valve yakulitsa, pali trim ya bowo laling'ono yolowa m'thupi lomwelo.

Komanso kukwera ndi kutsika kwa kutentha sikuchokera ku valve nthawi zonse. Valve ikatseka kwambiri, pulesha mu heater imagwa. Ngati paipi ya condensate, madzi ochokera ku nthunzi yozizira, imakwera m'mwamba kuseri kwa trap, madzi amalephera kutuluka, amadzaza m'machubu, kutentha kumagwa, controller imatsegula kwambiri, nthunzi imakankha madziwo ndi phokoso ngati la nyundo, kutentha n'kudumpha. Yezani kutentha kwa machubu a m'munsi mwa heater ndi thermometer ya infrared. Akakhala ozizira kuposa a pamwamba, vuto lina lili ku trap. Pamafunika float trap yokhala m'munsi mwa heater, vacuum breaker yolowetsa mpweya pulesha ikagweratu, ndi condensate yotsika yokha kupita ku thanki.

Nthunzi_8bar

Positioner ndi yabwino, a ku Luchenza, koma ibwere pambuyo. Ikaikidwa lero pa sipuling'i yoyambira pa 0.2 bar, kamuvi kadzaonetsa 50% pa 12 mA ndipo aliyense adzati vuto latha. Koma positioner pa actuator imeneyi imangotha kuwonjezera mphamvu yotsegula. Potseka, chimene ingachite ndi kutulutsa mpweya basi, yotsekayo ndi sipuling'i. Mpweya wonse utatuluka, sipuling'iyo ili ndi 1,350 N, nthunzi ili ndi 1,570 N. Valve siitseka, ndipo siidzatsekanso tsiku limene compressor idzaime, lomwe ndi tsiku limene tinaisankhira 667. Auto-calibration, kudziyeza yokha kwa positioner, yochitidwa nthunzi itatsekedwa siingaone zimenezi.

A mphunzi, mukamaliza kumanga zonse, musabwezere pa auto nthawi yomweyo, ndipo ngati wina anasintha tuning ya controller pofuna kuthana ndi kugwedezeka kuja, mubwezere manambala akale. Nthunzi ili mkati, controller ili pa manual, kwezani signal pang'onopang'ono kuchokera pa 4 mA. Plug iyambe kunyamuka mpweya uli pakati pa 0.3 ndi 0.35 bar, ndiye kuti pakati pa 6 ndi 7 mA. Pamenepo kamuvi pa 12 mA sikadzakhala pa 50% ndendende, kadzachepera, ndipo pa valve yopanda positioner zimenezo n'zabwinobwino. Kenako pitani pa 50% ya signal, mukwere ndi 1% kasanu, mutsike ndi 1% kasanu, mukudikira masekondi 30 pa sitepe iliyonse, dial gauge ili pa connector. Mukatembenuka n'kuona kuti pakufunika masitepe oposa atatu stem isanasunthe, bwererani ku gland. Manambala onsewa, pamodzi ndi 0.55, 1.03 ndi 29 mm, alembeni pa khadi la valveyo, ndipo pa adjuster ndi stem mupakepo mzere wa penti kuti ikadzazungulizidwanso zidzaoneke.